Kobiri la ku Russia lokhala ndi ng'oma pansi pa chithunzi: lawonongeka kapena ndi feki?

Nachisale:
Mwaswera bwanji nonse. Ndibwerekeni maso. Lamlungu ndinapita kukaunjika wa kuno ku Leeds, uja anthu amayala katundu kumbuyo kwa galimoto, ndiye ndinagula kachitini ka makobiri akale kwa agogo ena aamuna. Ambiri ndi mapeni a Mfumu George omwe ndili nawo kale mbwee, koma pansi penipeni panali ili ndajambulali. Mbali imodzi pali munthu pa hatchi akubaya chinjoka ndi mkondo, ndipo pansi pa hatchiyo pali MM. Mbali inayo pali chilembo chopotanapotana m'kati mwa nkhata ya masamba, 17 uku, 63 uku. Kuti ndi la ku Russia ndazindikira ndi zilembo zawo zija. Chandizunguza mutu n'chakuti kunsi kwa nkhatayo kukuoneka kanthu kena kokhala ngati ng'oma ya zingwe zake, ndipo kumbali ya hatchi kuli tinyenyezi tiwiri tongokhala posayenera, kena mpaka kali pamchira. Kodi lawonongeka, kapena andigwira m'maso?

Achimwene a ku Joni:
Achemwali, chimenecho n'chivindikiro cha kampoto, kkkk. Linyikeni m'mandimu usiku wonse, m'mawa mulikweche ndi phulusa, muona liwala ngati latuluka kubanki lero.

Madala a ku Chipata:
Ayi ayi ayi. Mayi Nachisale, mandimu muthire m'tiyi, phulusa mutsukire mapoto. Kobirilo musalikhudzitse chilichonse. Khungu lakuda lili pamwambalo lapanga zaka zoposa 250, mukalisupula silibwereranso, ndipo timizere mukutifunsato tingapite limodzi ndi phulusalo. Choyamba ndiuzeni kulemera kwake. Muli ndi sikelo?

Nachisale:
Ndili ndi ya kukhitchini yokha bambo. Ikuvinavina pakati pa 19 ndi 20.

Madala a ku Chipata:
Basi, yatiuza zokwanira. Latsopano linkayenera kulemera magalamu 20.48, ndiye loyendayenda m'manja mwa anthu kupezeka pa 19 kapena 20 palibe chodabwitsa. Mwagwira makopeki 2 (kopeki ili ngati tambala wa ku Russia) a Mfumukazi Catherine II a 1763. MM ndi nyumba yosulira ndalama ya ku Moscow. Chilembo chopotanacho ndi E ndi I zolukana, pakati pake pali II. Silinawonongeke, ndipo sindikuona chondikayikitsa kuti ndi feki. Ng'oma mwaionayo ndi ng'omadi. Kobiri lanu lisanakhale makopeki 2 a 1763 linali makopeki 4 a 1762, a mwamuna wake wa Catherine yemweyo, Peter III. Analitenga momwe linalili, osalisungunula, n'kulidinda chithunzi chatsopano pamwamba pa chakale.

Mwana wa Sukulu:
Madala akunena zoona. Kuno ku Russia osonkhanitsa makobiri amati perechekan, kutanthauza kudindanso. Za Peter III zija amangozitchula kuti barabany, ndiye kuti ng'oma, chifukwa kumbuyo kwake kuli mulu wa zida za nkhondo: ng'oma, mbendera, mizinga. Anti, nyenyezi zimayenera kukhala zinayi, imodzi pa kopeki iliyonse. Mwapeza ziwiri, zina ziwiri zabisala penapake.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Dikirani kaye, ine sindinakhutire. Ndinaonapo kwacha yachitsulo yathu yomweyi yokhala ndi mzere wobwereza m'mbali mwa zilembo, ngati makina ananjenjemera. Mudziwa bwanji kuti si zomwezo? Mwina makina anangomenya kawiri, inu n'kumaona ng'oma chifukwa mukufuna kuiona. Ngakhale m'mitambo munthu amaonamo kalulu.

Madala a ku Chipata:
Funso labwino aphunzitsi, ndipo anthu ambiri amagwa pomwepo. Pali zinthu zingapo zimafanana ndi kudindanso koma si izo.

Makina akamenya kawiri, chobwerezacho chimakhala chithunzi chomwecho chili pamwambacho, changosuntha pang'ono. Mchira wa hatchi uoneka pawiri, 63 aoneka ndi mthunzi wake wa 63. Simungapeze ng'oma pa kobiri lomwe chidindo chake chilibe ng'oma. Nthawi zina zidindo ziwiri zija, chapamwamba ndi chapansi, zimawombana zokhazokha pakati palibe mkuwa, china n'kusiya chipsera pa chinzake. Makobiri otsatira amatuluka ndi mthunzi wa mbali inayo, koma wotembenuzika ngati mukuonera pagalasi. Apo mukaona masamba a nkhata kumbali ya hatchi, dziwani kuti ndi nkhata ya kobiri lomwelo. China ndi chaka chokonzedwa pa chidindo penipeni, mwachitsanzo mmisiri wasema 4 pamwamba pa 3 kuti chidindo cha chaka chatha chigwirebe ntchito. Chimenecho chimakhudza nambala yokhayo, kwina konse kuli bwinobwino.

Kudindanso kwenikweni kumadziwika ndi ichi: chomwe chili pansicho n'chachilendo pa kobirilo, chimawerengeka molunjika osati motembenuzika, ndipo nthawi zambiri chimakhala chopendekera kwina chifukwa wogwira ntchito ankangoponya kobiri m'makina osayang'ana kuti mutu uli kuti. N'chifukwa chake nyenyezi ya Mayi Nachisale yagwera pamchira. Pa makopeki 2 a 1763 sipayenera kukhala nyenyezi ngakhale imodzi.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Apo ndamva. Koma nanga chifukwa chake? Boma lathunthu kumadinda ndalama pamwamba pa inzake ngati mwana wofufuta homuweki?

Madala a ku Chipata:
Nkhani yonse yagona pa muyeso umodzi wotchedwa pudi, womwe ndi makilogalamu 16.38. Boma linkalamula kuti pudi imodzi ya mkuwa itulutse maruble angati a makobiri, ndipo ruble imodzi ndi makopeki 100. Likanena kuti maruble 16 pa pudi, gawani nokha, kopeki imodzi ituluka magalamu 10.24, makopeki 2 ndi 20.48, makopeki 5 ndi 51.19. Tsono boma likasowa ndalama linkangoti kuyambira lero pudi itulutse maruble 32. Mkuwa womwe uja wa magalamu 20.48 tsopano ndi makopeki 4. Kusungunula milumilu ya makobiri, kuphwatalalitsa mkuwa n'kudulanso timagawo tatsopano ndi ntchito yodula ndiponso yochedwa. Kudinda pamwamba n'kwachidule.

Zinachitika choncho mu 1762. Russia inali itathira chuma chambiri pa nkhondo ya zaka 7 ija inayamba mu 1756, ndipo maganizo ochepetsa mkuwa m'ndalama ankawakankha kwambiri Pyotr Shuvalov, mkulu wa asilikali a mizinga. Mu ulamuliro wa Peter III makopeki 5 anasanduka 10, makopeki 2 anasanduka 4, kopeki imodzi inasanduka 2. Koma Peter anakhala pampando miyezi 6 yokha, mkazi wake n'kumugwetsa. Catherine anabwezera muyeso pa maruble 16, ndiye kuyambira 1763 makobiri omwe aja anabwereranso m'makina: 10 kubwerera pa 5, 4 kubwerera pa 2. Lanu Mayi Nachisale linabadwanso mwa njira imeneyo.

Achimwene a ku Joni:
Ndiye kuti munthu unkagona ndi 2, kudzuka ndi 4, chaka chamawa mayi aja akuti bweretsa, ndi 2 yomwe ija? Koma azungu a kuchisanu awa. Komanso kugwetsedwa ndi mkazi wako patangotha miyezi 6, madala aja ankakoniwa nsima kale.

Nangozo:
Achimwene inu nkhani ya makobiri mwailowetsa kale kubanja. Ine funso langa ndi ili: ngati makopeki 4 a 1762 nawonso anadindidwa pa lina, ndiye kuti pansi pa ng'omayo palinso chithunzi chachitatu?

Madala a ku Chipata:
Mwafika pomwe ineyo ndinakodwa mpaka lero, mlongo wanga. Ndili mnyamata ndinakaphunzira ku Soviet Union, ndipo mnzanga wina wa m'kalasi anandionetsa limodzi lomwe agogo ake ankasunga m'kabokosi ka mabatani. Tinakhala usiku wonse pansi pa nyale tikukangana kuti tikuona chiyani. Mvetserani ulendo wa kamkuwa ka magalamu 20.48 kameneka.

Kuyambira 1723 mpaka 1730 ankasula makopeki 5 pa muyeso wa maruble 40 pa pudi. Mbali imodzi kuli mtanda waukulu wa mizere iwiriiwiri, m'kati mwake mwalembedwa mtengo ndi chaka. Mbali inayo kuli kachiwombankhanga ka mitu iwiri m'kabwalo kakang'ono pakati, ndi madontho asanu. Popeza mkuwa pamsika unali wotchipa kutalitali ndi maruble 40 amenewo, akamberembere anasula abodza osawerengeka. Boma linagonja n'kuyamba kutsitsa mtengo wake: mu 1744 likhale makopeki 4, mu 1745 likhale 3, mu 1746 likhale 2. Mu 1755, nthawi ya Mfumukazi Elizabeth wa ku Russia, anayamba kuwadinda kukhala kopeki imodzi, pa muyeso wa maruble 8. Kopeki imeneyo ndi yokongola zedi, chiwombankhanga chili m'mitambo mbali zonse ziwiri. Sinakhalitse. Mu 1757 muyeso unapita pa maruble 16, kopeki ya mitambo ija n'kudindidwa kukhala makopeki 2 a munthu wa pa hatchi, yemwe ndi George Woyera. Mu 1762 makopeki 4 a ng'oma. Mu 1763 makopeki 2 kachiwiri.

Werengani: 5, 1, 2, 4, 2. Mayina asanu, kulemera kumodzi. Si lililonse linadutsa masitepe onsewo, ena anasulidwa pa mkuwa watsopano pakatikati pa ulendo, koma alipo omwe mungaonepo zithunzi zitatu ngakhale zinayi.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ndayesa pa kakyuleta. 16,380 kugawa ndi 4,000 kuchulukitsa ndi 5, ikubwera 20.475. Kugawa ndi 800, ikubweranso 20.475. Chabwino madala, mwandigwira. Ndiye kuti manambala 40, 8, 16 ndi 32 anagwa bwino moti kobiri lomwelo linkalowa m'muyeso watsopano popanda kulidula.

Madala a ku Chipata:
Eya, ndipo n'chifukwa chake ndimati sikelo iyambe, galasi lokulitsa litsatire. Kulemera kumakuuzani kuti pansipo pangakhale chiyani ndi chomwe sichingakhalepo. La magalamu 51 musafunepo mtanda kapena mitambo, makobiri amenewo sanakhalepo olemera choncho, mufune nyenyezi 10 ndi ng'oma. La magalamu 8 lolembedwa denga, lomwe ndi theka la kopeki, la zaka za 1730 kapena 1731 nthawi ya Mfumukazi Anna, mufunepo wokwera hatchi wa kopeki ya Mfumu Peter I, chifukwa kopeki ya Peter pa maruble 20 ndi denga ya Anna pa maruble 10 zonse ndi magalamu 8.19. Mukadziwa chomwe mukusaka, diso silinamizika msanga.

Mwana wa Sukulu:
Palinso makopeki amodziamodzi a Elizabeth omwe anadindidwa pa makobiri a ku Sweden a 1 öre. Ndinaona limodzi pa chionetsero cha osonkhanitsa, mivi iwiri yopingasana ya ku Sweden ikuonekera pansi pa hatchi. Mwini wake ankalinyadira kuposa ena onse anali patebulo.

Nachisale:
Iii, ndiye ndayamba kuliopa kobiri langa lomwe. Ndiliyang'ane bwanji kuti ndione zapansizo? Ndi diso lokha ndikungoona zokandikakandika.

Madala a ku Chipata:
Dikirani kude, muzimitse magetsi, mugoneke kobiri pa kansalu kofewa. Tochi ya pafoni muigoneke chammbali, kuwala kuzichita kukwawa pamwamba pa kobiri monga dzuwa la m'mamawa limaonetsera mizere m'munda. Mukaunika kuchokera pamwamba zonse zimafafanizika. Kenako muzilizunguza kobirilo pang'onopang'ono, tochi ili pomwepo. Iwalani zoti hatchi iyenera kuimirira, chifukwa chapansicho chili ndi mutu wake kwina. Yambani ndi m'mphepete. Kobiri likamenyedwa kachiwiri limaphwatalala, limakula m'mimba mwake n'kupyapyala, ndiye kunja komwe chidindo chatsopano sichinafike bwino n'komwe zakale zimatsala zooneka. Mukapeza chinthu chimodzi chotsimikizika, monga ng'oma yanuyo, mulizunguze kobirilo kuti ng'omayo ikhale pansi, ndipo pamwamba pake muyembekeze 1762 ndi mawu a mtengo. Mawu a Chirasha otanthauza zinayi amayamba ndi chilembo Ч, chokhala ngati 4 wosatseka pamwamba.

Pomaliza muliimike muone mkombero wake. Ambiri ali ndi timizere topingasana ngati ukonde. Koma makopeki ena a mitambo anali ndi mawu olembedwa pamkombero, otchula nyumba yomwe anasulidwira, ndipo kudinda pamwamba sikufufuta mkombero. Mukaona zidutswa za zilembo zikusuzumira pamenepo, ndiye kuti mwina kobiri lanu linakhalapo kopeki ya mitambo.

Nangozo:
Mukamaligwira muzigwira m'mbali achemwali, thukuta la m'zala limasiya chidindo chake pa mkuwa. Ine ndinawononga peni yanga yoboola pakati ija ya Rhodesia ndi Nyasaland chifukwa chomangoisisita.

Achimwene a ku Joni:
Chabwino, nthabwala pambali. Poti akatswiri mwasonkhana, taonani langa ili. Ndinaligula pa intaneti chaka chatha kwa munthu wina, mtengo wake ngati wa nkhuku yowotcha imodzi. Pali E wamkulu ndi chisoti chachifumu, madontho kuzungulira, kumbuyo 1796. Wogulitsayo anati ndi losowa kwambiri. Ndilemera liti?

Mwana wa Sukulu:
Akulu, ndisanayankhe ndifunse, mtima wanu uli bwino?

Achimwene a ku Joni:
Iwe mwana iwe, lankhula.

Mwana wa Sukulu:
Loterolo lenileni ndi losowadi, n'chifukwa chake silingagulidwe pa mtengo wa nkhuku. Kuno makope ake amagulitsidwa m'matebulo a zikumbutso limodzi ndi zidole zamatabwa zija. Madala afotokoze mbiri yake, ine ndingoti pepani.

Madala a ku Chipata:
Pepanidi achimwene. Mbiri yake ndi chigawo chomaliza cha ulendo ndinaufotokoza uja. Mu 1796 Catherine yemwe uja, amene anathetsa za mwamuna wake, anavomera maganizo a Platon Zubov, munthu wake wapamtima, oti abwerere pa maruble 32. Anayamba kudinda makopeki 5 kukhala 10, makopeki 2 kukhala 4, ndi chithunzi chosavuta ngati chomwe muli nachocho: chilembo cha mfumukazi, chisoti, ndi madontho owerengera mtengo kuti osadziwa kuwerenga asavutike. Ntchito ili m'kati, mfumukazi inamwalira mu Novembala chaka chomwecho. Mwana wake Paul I, yemwe sankagwirizana ndi mayi akewo, anaimitsa zonse makobiriwo asanalowe m'manja mwa anthu, n'kulamula kuti abwezedwe pa mtengo wakale. Anapulumuka ochepa chabe.

Tsono taonani lanulo. Makopeki 10 a 1796 enieni anadindidwa pa makopeki 5 akale, ndiye pansi pake pamayenera kuoneka kena kake, nthenga ya chiwombankhanga kapena tsamba la nkhata. Lanu ndi losalala ngati mbale yatsopano. Zilembo zake n'zonenepa ngati sopo wosungunuka, ndipo pachithunzi chachiwiricho ndikuona timaenje ting'onoting'ono ngati ta chitumbuwa. Zimenezo ndi zizindikiro za chitsulo chothiridwa m'chikombole, osati chomenyedwa ndi chidindo. Yang'anani pamkombero, mwina mupeza msoko pomwe mbali ziwiri za chikombole zinakumana. Apa ndiye zinthu zatembenuka: Mayi Nachisale amaopa kuti lawo ndi feki chifukwa lili ndi zipsera, pomwe lanu lagwidwa chifukwa chosowa zipsera.

Achimwene a ku Joni:
Msoko ulipodi, wazungulira lonse. Nkhuku yanga yapita. Ndiliboola likhale la makiyi.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Madala, mwati Paul analamula kuti abwezedwe pa mtengo wakale. Ndiye anadindapo dzina lake?

Madala a ku Chipata:
Ayi, ndipo apa ndi pomwe pamasokoneza ngakhale anthu odziwa. Ntchitoyo inachitika mu 1797, koma anagwiritsa zidindo za chithunzi cha Catherine zokhala ndi zaka za m'mbuyo. Ambiri mwa makobiri amenewa alembedwa 1793 ndi zilembo EM. EM ndi Yekaterinburg, kumapiri a Ural, koma kudindako kunkachitikira kwina, monga ku St Petersburg ndi ku Nizhny Novgorod. Ndiye mumapeza kobiri lonena kuti ndine wa 1793, pansi pake pakusuzumira 1796. Mwana wabadwa bambo ake asanabadwe. Chaka n'chonama, malo n'ngonama, mfumu yolembedwapo inali itaikidwa kale m'manda.

Vuto n'lakuti makopeki 5 a 1793 EM enieni, osulidwadi ku Yekaterinburg pa mkuwa watsopano, aliponso ambirimbiri. Chaka chokha sichingakuuzeni kanthu. Muyenera kupeza madontho ozungulira m'mphepete, kapena chidutswa cha E wamkulu uja, kapena mawu a mtengo wakale, komanso kuona ngati kobirilo laphwatalala kuposa anzake. Osonkhanitsa amalipira zambiri pa la Paul kuposa la 1793 wamba, ndiye ogulitsa ena akangoona kadzenje kamodzi amati dontho la 1796. Ine sindivomera dontho limodzi. Ndimafuna atatu otsatana, otalikirana mofanana, oyenda mozungulira.

Mwana wa Sukulu:
Ndiye kuti ulendo wa kamkuwa kaja sunathere pa 1763. Mukawonjezera 4 wa 1796 ndi 2 wa 1797 zikukwana 5, 1, 2, 4, 2, 4, 2.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Ana anga a fomu 3 ndikawapatsa imeneyi ngati samu Lolemba. Koma zikundikumbutsa kwanu ku Zambia madala, paja mu 2013 munadula maziro atatu pa kwacha yanu.

Madala a ku Chipata:
Tinadula, koma ife tinasindikiza ndalama zatsopano n'kusintha zakale, ndipo mitengo ya zinthu nayo inadulidwa maziro omwewo, palibe anapindula kapena kuluza. Za ku Russiazi zinali zina. Boma linkatenga kobiri lolembedwa 5 n'kulitulutsa litalembedwa 10, phindu lonse la pakatipo n'kulowa m'thumba la boma.

Nangozo:
Funso lomwe aliyense akuchita nalo manyazi ndifunse ine. La achemwali Nachisale lingagulitsidwe zingati? Tiyambe kuwatchula bwana?

Madala a ku Chipata:
Ntchito asasiye. Makopeki 2 a 1763 a ku Moscow si osowa, ndipo kukhala odindidwanso si chachilendo pa iwo, ambiri ali choncho. Chomwe chimakweza mtengo ndi kuonekera bwino kwa chapansicho. Ng'oma yooneka yonse, chaka cha 1762 chowerengeka, zimenezo anthu amazikonda. Mukapeza zithunzi zitatu zotsimikizika, ndiye bwino koposa. Koma likakhala lodyeka ndi dzimbiri lobiriwira kapena lokwechedwa mpaka kufiira, mtengo umagwa pansi ngakhale pansipo patakhala chiyani. Kunena zoona ine ndimakonda loterolo, lokhala ndi zipsera, kuposa losalala la m'kabati ya munthu wolemera. Losalala limakuuza chinthu chimodzi n'kukhala chete.

Za dzimbiri ndiwonjezere. Lobiriwira lolimba, losalala, lisiyeni. Koma mukaona lobiriwira motuwa lomwe likuyoyoka ngati ufa, limenelo ndi matenda, limadya mkuwa ndipo chinyontho chimalikulitsa. Kobiri lotero mulipatule kwa anzake, mulisunge pouma. Ku Leeds kwanuko mvula sikata, ndiye musaliike pawindo kapena m'timatumba tofewa ta pulasitiki tija timamata.

Nachisale:
Bwana ayi, ndamva, mawa ndili pa shifiti ya m'mawa monga mwa masiku onse. Mwana wa Sukulu, ukamabwera ku holide sunganditengereko la mitambo lija limodzi? Ndalikonda ndisanalione.

Mwana wa Sukulu:
Anti, mundikhululukire, pamenepo ndiye ayi. Zinthu zakale chonchi sizituluka m'dziko muno popanda chilolezo cha boma, ndipo pabwalo la ndege chikwama chimadutsa m'makina. Ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndimalize, sindifuna kukafotokoza za mitambo kupolisi m'chinenero chomwe mpaka pano chimandipota lilime. Kwanuko ogulitsa makobiri odziwika alipo, ndipo a ku Russia amapezeka.

Madala a ku Chipata:
Mwanayu ali ndi nzeru. Anga onse ndinagula kunja kwa Russia, patapita zaka. La mnzanga lija linatsala m'kabokosi ka mabatani.

Nachisale:
Ndabweranso. Ndachita monga munanenera bambo, magetsi ndazimitsa, ana mpaka amafunsa ngati ndaiwala kulipira. Nyenyezi yachitatu ndaipeza, ili pafupi ndi mutu wa chinjoka. Nditaika ng'oma pansi ndaona 62 bwinobwino pakati pa masamba a nkhata, ndi chilembo chija chokhala ngati 4 wosatseka. Ndinakuwa ndekha m'chipinda. Pamkombero pali ukonde wokhawokha, zilembo sindikuziona. Koma pali china. Kumbali ya hatchi, kuyambira pansi pa mimba yake kupita kumphepete, kukudutsa mizere iwiri yowongoka, yoyendera limodzi ngati njanji. Ndajambula katatu, onani.

Aphunzitsi a ku Zomba:
Mtanda uja! Wa 1723 uja!

Madala a ku Chipata:
Aphunzitsi, si inu munatichenjeza za kalulu wa m'mitambo? Tiyeni pang'onopang'ono. Mizere yowongoka pa makobiri amenewa ili ndi eni ake ambiri. Mkondo wa George ndi wowongoka, ndipo pa kobiri ili pakhoza kukhala mikondo itatu, wa 1757, wa 1762 ndi wa 1763, uliwonse kuloza kwake. Mitengo ya mbendera nayo ndi yowongoka, ngakhale iyo ikanakhala kumbali ya ng'oma. Chondikopa pa chithunzi chachiwiricho n'chakuti mizereyo ndi yotalikirana, ndipo mpatawo sukusintha kuyambira pamimba ya hatchi mpaka kumphepete. Mkondo sukhala wonenepa choncho. Koma kuti ndivomere mtanda ndikufuna chimodzi mwa ziwiri: mizere ina iwiri yodutsa yoyambayo mopingasa pakatikati pa kobiri, kapena chidutswa cha chilembo kapena nambala m'kati mwa njanjiyo, chifukwa mtengo ndi chaka zinkalembedwa m'menemo. Kumbali inayo mufunenso kabwalo kakang'ono pakati, pansi pa E.

Nachisale:
M'kati mwa njanjiyo muli kanthu kozungulira, koma sindingalumbire. Mwina ndi 2, mwina ndi pomwe linagundidwa.

Mwana wa Sukulu:
Anti, jambulaninso tochi ili kumanzere, kenako kumanja, foni isasunthe. Loweruka ndikupita komwe amakumana osonkhanitsa, kuli agogo ena amakhala ndi galasi pakhosi tsiku lonse, ndikawaonetsa.

Achimwene a ku Joni:
Ukawaonetsenso langa, mwina msoko uja ndi wa Paul.

Nangozo:
Achimwene, kagoneni.

Nachisale:
Batire latsala 4 peresenti ndipo basi yanga ndi ya 6 koloko. Ndalikulunga m'kapepala, ndaliika m'kabati pamwamba pomwe ana safika. Zithunzi za kumanzere ndi kumanja nditumiza mawa ndikaweruka.